Wodikira pa Miyala ya Kurosaki

Genzo ananyamuka padoko la Tomari nyali za m'nyumba zitayamba kale kuzima. Akanatha kugona konko, koma munthu amene mwana wake ali m'nyanja tsiku lachitatu, tulo angatipeze kuti? Kuyambira masana anali akuyenda khomo ndi khomo, chipewa kumanja, kupempha eni ngalawa kuti mawa atulukenso kukafuna Isao, mwana wake mmodzi yekhayo, amene namondwe anamupeza akuwedza yekha kutali ndi gombe.

Mkulu wa asodzi a ku Tomari anamuthirira mowa wa sake m'kakapu n'kumuuza mosapsatira.

"A Genzo, tafufuza masiku awiri athunthu. Nkhafi yake tapeza, chipewa chake tapeza. Kuzizira kwa madzi a mwezi uno inunso mukukudziwa. Pitani mukakonze zofukiza za maliro."

"Zofukiza za ndani? Mtembo mwauona inu?"

"Madala, ifenso tili ndi ana ofuna kudya. Nsomba za saba zabwera, ndipo nsomba sizidikira munthu."

Kakapu kaja Genzo anakasiya osakakhudza.

Kuchokera ku Tomari kukafika kwawo ku Urahama ndi ulendo wa maola awiri, njira yokwawa m'nthiti mwa phiri, nyanja ikulira pansi kudzanja lamanzere. Genzo anayenda akutukwana. Anatukwana a ku Tomari, anatukwana saba, anadzitukwana yekha chifukwa chophunzitsa mwana ntchito ya m'madzi pamene anzake ankatumiza awo ku mafakitale a ku Osaka. Mtima unkamupweteka kwenikweni akaganiza za mkazi wake Tome, amene madzulo alionse ankatenthetsabe madzi osamba a mwanayo. Akamuuza chiyani? Kuti amuna onse a madoko awiri agwa mphwayi?

Analowa m'mphanga yoboola phiri imene makolo anasema ndi manja. Madzi ankadontha kudenga. Atatulukira mbali inayo anafika pa manda a Urahama, miyala yake itandandalika potsetsereka, yonse yoyang'ana kunyanja.

Pa kakhoma ka mandawo panali munthu.

Anali atakhala chozolika, mutu uli pakati pa mawondo, atavala chofunda cha mvula chamapesi a mpunga, cha mtundu umene achinyamata anasiya kalekale. Genzo anaganiza kuti ndi chidakwa.

"Odi, achimwene. Pamanda usiku uno? Kunyumba akuthamangitsani?"

Munthuyo anatsika pakakhomapo n'kuyamba kuyenda patsogolo pake, mutu uli chiweramire. Genzo akafulumira, nayenso ankafulumira. Akachepetsa, nayenso ankachepetsa. Nkhope osaiona, msana wokhawokha.

Kenaka analankhula, mawu ake ngati a munthu wamadzi m'kamwa.

"Mukufuna wanu uja."

Genzo anaima. "Mwamuona? Isao mwamuona?"

"Ali m'phanga la pansi pa miyala ya Kurosaki. Akupuma. M'bandakucha uno nyanja idzaza kuposa masiku onse, mwala wakhalapowo umira."

Akupuma! Genzo anathamangira munthuyo kuti amugwire mapazi, amuthokoze, koma mkwiyo unamutsogolera.

"Nanga osamutenga bwanji? Ngalawa yanu ili kuti? Mwasiya munthu wamoyo pamwala?"

"Ndamuuza kuti adikire," anatero mlendoyo osatembenuka. "Si mmene mumanenera inu?"

Genzo anabwerera m'mbuyo.

Msodzi aliyense wa gombe limeneli amadziwa lamulo. Womira sasiyidwa. Ukamupeza uli popita kokaponya ukonde, umavula chipewa n'kumuuza kuti, "Dikira, ndikutenga pobwerera." Ndipo amadikira pomwepo, mafunde akoke bwanji. Kalekale, m'mawa wina wa nyengo ya saba, Genzo anapeza munthu akuyandama chafufumimba kunja kwa Kurosaki. Anavula chipewa. Ananena mawuwo. Koma tsiku limenelo nsomba zinachita kudzithira zokha m'ngalawa mpaka madzi kufika m'milomo mwake, mphepo n'kuyamba kutembenuka, ndipo Genzo anabwerera ndi njira yam'kati, yachidule. "Mawa," anadziuza. Mawa lakelo anapitadi, koma anapeza madzi okhaokha. Nkhani imeneyi sanauzepo munthu. Ngakhale Tome.

Ndiye uyu waidziwa bwanji?

"Ndinu yani?" anafunsa Genzo. "Tembenukani ndikuoneni."

Munthuyo sanatembenuke.

Genzo anakweza nyali imene ananyamula. Kuwala kunagwera pakhosi pa munthuyo, kumbuyo, pamene tsitsi limathera...

Tizigoba! Tizigoba toyera, timene timamera pansi pa ngalawa yokhalitsa m'madzi. Tinali titamera pakhungu. Mpaka kuseri kwa makutu.

"Ine ndimatha kudikira," anatero munthuyo. "Wanuyo sanazolowere."

Genzo analiyatsa liwiro. Anamudutsa osayang'ana kumbali. Anagwa. Anadzuka. Nyali inasweka, anaisiya. Kumbuyo kunalibe mapazi omutsatira, koma fungo la pansi pa nyanja linamuperekeza mpaka pa nyumba zoyamba za Urahama.

"Tome! Tome, dzuka! Nyali ina, chingwe, bulangeti!"

Tome sanali m'tulo. Anatsegula chitseko atavala kale. "Amupeza?"

"Ali ku Kurosaki, m'phanga. Wamoyo!"

"Wakuuzani ndani?"

"Usandifunse zimenezo. Fulumira!"

Kudzutsa anansi kukanadya nthawi, ndipo ndani akanakhulupirira mkulu wopenga ndi chisoni? Anakankhira m'madzi kabwato kake kopalasa. Asanakwere, Tome anali atakhala kale kutsogolo, nyali pamiyendo.

"Iwe, tsika. Mkazi m'bwato la usodzi? Mzimu wa bwato uchita nsanje."

"Uchite nsanje mawa. Lero nyali akugwirirani ndi mzimuwo? Palasani, bambo inu!"

Anapalasa. Genzo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, mapewa otha, koma usiku umenewo nkhafi inkalira m'manja mwake. Nyanja inali itayamba kale kudzaza. Miyala imene amaidziwa inkamira umodziumodzi, ndipo kum'mawa mdima unayamba kusungunuka. Anapemphera kwa aliyense amene akanamva. Atengedwe iyeyo, nkhalamba, mwana atsale.

Pakamwa pa phangalo panali patatsala mpata wongokwana kuwerama. Analowa atagona chagada, akukankha denga ndi manja.

"Isao!"

Madzi okha, kuwomba m'makoma.

"Isao! Ndine mayi ako!"

Chapatali, mumdima, wina anatsokomola.

Anamupeza pakamwala kotsala ngati mphasa imodzi, madzi ali m'chiuno, milomo itachita bii, mwendo umodzi utathyoka. Tome analira mokweza, akumufunditsa bulangeti madzi ali pomwepo. Genzo anamugwira m'khwapa kuti amukokere m'bwato, koma Isao anakana. Anagwira mwala ndi timphamvu take totsalato.

"Bambo, yambani mwatenga achimwenewa."

"Achimwene ati? Kwera, madzi akutitsekera!"

"Awa ali apawa. Ndi amene anandikokera muno. Masiku onsewa andigwira kolala kuti ndisaterereke ndikagona. Amangoti, limba mtima, kuli munthu analonjeza kuti abwera." Isao anapuma movutika. "Adikira nthawi yaitali kuposa ine, bambo."

Tome anatembenuza nyali.

Mumng'alu wa mwala, pambali penipeni pa phewa la Isao, munali mafupa. Anali atapanikizika chozolika, atamera tizigoba, nyenyeswa za mapesi zitakanirira m'nthiti. Pakati pa mafupawo panalendewera kabokosi kafodya kamkuwa, kobiriwira ndi dzimbiri. Tome anakatola, anakapukuta ndi chala, n'kuwerenga zolembedwa pachivundikiro.

"Shinroku," ananong'ona. "Shinroku wa kwa a Oikawa, mwamuna wa mayi ogulitsa tofu wa soya aja! Uyutu anamira zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Pamaliro pake ndinalipo ine, m'manda mwake tinaikamo malaya ndi nsapato basi. Mkazi wake mpaka lero sakhoma chitseko usiku." Anayang'ana mwamuna wake, ndipo anaona nkhope yake. "Genzo... amene analonjezayo ndi ndani?"

Madzi anamenya denga la pakhomo la phanga, n'kubwerera. Mpata unali utatsala pang'ono.

Genzo anavula chipewa. Anavulanso jekete yake, naiyala pansi m'bwato, pamalo pouma. Kenaka analowetsa manja onse awiri mumng'alu muja, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ndine, a Shinroku," anatero. "Ndachedwa. Kwerani, tizipita kwanu."