Bogenivila wa Bambo

Amayi a Chiyamiko anali atanena kale: mvula yoyamba ikagwa bogenivila uja asanachite maluwa, amuzula n'kudzalapo repu. Zaka ziwiri anangokhala chitsamba cha minga pakhomo pawo kukomboni ya Pamodzi, ntchito yake kung'amba zovala pachingwe.

Chiyamiko zinkamuwawa, poti chitsambacho anadzala ndi malemu bambo ake. Ankachithirira m'mawa ndi madzulo, manyowa a nkhuku osasowa. Masamba ndiye anali biriwiri, koma duwa ngakhale limodzi ayi. Anafufuza mbozi, anakumba kuti aone ngati kuli chiswe, anafunsa ngakhale aphunzitsi a sayansi. Yankho silinapezeke.

Loweruka lina anatumidwa kukapereka chakudya kwa amalume ake a Hector, omwe ankalondera nyumba yosungiramo katundu ku Industrial. Atatsika minibasi, anaima chilili. Pampanda wafumbi, pomwe malole ankatembenukira, panali bogenivila wofiira psuu, masamba osaoneka n'komwe. Anagwira dothi lake: louma gwaa. Anafunsa amalume kuti amathirira ndani, ndipo iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwaice, mwana iwe, uyu anamwa madzi komaliza mu April. Ukam'patsa zonse amangonenepa. Amachita maluwa akamva ludzu."

Chiyamiko sanakhulupirire msanga, koma anaganiza zoyesa. Anasiya kuthirira, n'kumalemba zomwe akuona kumapeto kwa kope la masamu. Sabata yachiwiri masamba anayamba kufota ndi dzuwa la Okutobala, ena n'kuyoyoka. Kawiri konse anafika ndi ndowa pachitsambapo, mtima ukumuuza kuti akupha chinthu cha bambo ake, koma madziwo anakathira pa mapapaya. Amayi ankangoti mwina waona yekha kuti repu ndi wabwino.

Tsiku lomwe mitambo inayamba kuda, amayi anatuluka ndi khasu. Anapeza Chiyamiko atagwada, akuwerenga timaluwa tofiirira kunsonga za nthambi. Tinalipo khumi ndi tiwiri.

Amayi anawerama n'kuyang'ana timaluwato. Kenaka anafunsa chomwe wathirapo, iye n'kuyankha kuti palibe, anangosiya kuthirira.

"Bambo ako sankathirira," anatero amayi motsitsa mawu. "Ine ndinkawanena kuti ndi ulesi."

Anatsamiritsa khasu lija kukhoma, n'kupita kukamasula chingwe cha zovala kuti akachimange kuseri kwa nyumba.