Mabokosi Oyera pa Ndandanda ya Pulofesa

Kunyumba kwawo onse ankamutcha Pulofesa, ngakhale mtsikanayo anali asanamalize n'komwe digiri yachiwiri. Kale dzinali linkamukoma, koma tsopano linkamulemera. M'chikwama mwake munali kalata ya ku yunivesite yomwe sanaonetseko aliyense. Kalatayo inanena mosapita m'mbali kuti akapanda kupereka machaputala atatu a kafukufuku wake teremu ino isanathe, amuchotsa sukulu.

Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti teremu iyambe, anatenga chipepala chachikulu ndi rula n'kujambula ndandanda ya sabata. Maola a m'kalasi anawalemba ndi cholembera chofiira. Mabokosi a nthawi yolemba kafukufuku anawasiya oyera, poti mwini wake ankadziwa ntchito yake. Kenaka anaimata pachitseko cha khitchini kuti aliyense aziona nthawi imene watanganidwa. Apo ndi pamene anadzitchera yekha msampha.

Pofika Lamlungu madzulo, ndandanda ija inali italandira alendo. Amayi ake, omwe ankasoka zovala pakhonde, anali atalemba ndi pensulo m'bokosi la Lachiwiri: kukagula ulusi ndi zipi. Achimwene ake anadzaza masana onse: kukatenga mwana kusukulu. Alamu ake anasankha Lachitatu ndi Lachinayi m'mawa: kutsala ndi khanda. Ngakhale azakhali, omwe anangodutsa kudzapereka moni, anapezamo malo awo.

"Wachita bwino kwabasi, Pulofesa," anatero achimwene akumusisita paphewa. "Tsopano sitizivutikanso kukufunsa. Tizingoona pamene pali poyera."

"Koma achimwene, poyerapo ndi pamene..."

"Ndi pamene umakhala m'chipinda, eti? Ndiye ukhala nalo khandalo momwemo. Kuwerenga sikufuna manja."

Onse anaseka, iyenso anaseka nawo. Akanati chiyani kwa anthu amene ankamudyetsa, kumusokera madiresi ndi kumunyadira kwa aliyense wodutsa? M'nyumba imeneyo, munthu wokhala pampando ndi buku ankaoneka ngati akupuma.

Sabata yoyamba inatha osalemba ngakhale tsamba limodzi. Akatsegula laputopu, khanda linkamenya mabatani ndi timanja take mpaka ndime yonse kufufutika. Likagona, nthawi yothamangira kusukulu ya mwana inali itakwana. Ulusi umene anagula unali wobiriwira molakwika, ndipo anabwereranso kusitolo. Chipinda chake, chomwe theka lake linali nsalu za makasitomala a amayi, chinkaoneka ngati chikucheperachepera tsiku lililonse. Anali ndi mantha, ndipo manthawo analibe womuuza.

Lachisanu la sabata yachiwiri anakaonana ndi aphunzitsi omuyang'anira pa kafukufuku, mayi wachikulire wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Tandionetsa mmene wakonzera teremu yako," anatero.

Pulofesa anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha ndandanda. Aphunzitsiwo anachikulitsa ndi zala, n'kuchiyang'ana kwa nthawi.

"Ndikuona zolemba za anthu asanu apa. Ulusi ndauona, khanda ndaliona. Kafukufuku ali pati?"

"Ndinamusiyira mabokosi oyera, aphunzitsi."

"Loyera ndi liti?"

Panalibe.

"Chaka chatha ndinakupemphera nthawi yoonjezera," anatero aphunzitsi, mawu atatsika. "Ulendo uno akuluakulu a yunivesite sandimveranso. Kwanu akudziwa za kalata ija?"

Anapukusa mutu.

"Ndiye usawaimbe mlandu."

Mawu amenewo anamulasa njira yonse yobwerera. Atafika anapeza amayi akupalasa makina pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi. Asanakhale n'komwe pansi, amayi anayamba kale.

"Wafika nthawi yabwino. Mawa ukandiperekere diresi iyi kwa mwini wake, paja Loweruka sulowa m'kalasi."

"Sindipita, amayi."

Makina anaima. Mawu otere anali asanamvekepo m'nyumba imeneyo kuchokera pakamwa pake.

"Wati chiyani? Sukuluyi yayamba kukukuza mutu?"

Pulofesa anatulutsa kalata ija n'kuiika pamwamba pa diresi. Amayi anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pamapeto anabwerezanso mzere womaliza.

"Yafika liti imeneyi?"

"Mwezi watha."

"Mwezi watha! Ndiye iwe n'kumangoti chabwino amayi, chabwino achimwene, uku nyumba ikupsa? Bwanji sunanene?"

"Ndinkachita manyazi. Mumanditcha Pulofesa. Ndinkaopa kuti mudziwa kuti zikundikanika." Misozi inatsika, ndipo sanaibise. "Mabokosi oyera aja si nthawi yopuma, amayi. Ndiyo sukulu yeniyeniyo."

Amayi anadzuka, n'kulowa m'nyumba ndi labala m'manja. Pachitseko cha khitchini anayamba ndi zolemba zawo zomwe, kufufuta mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Atamaliza anamupatsa cholembera chofiira.

"Lemba wekha. Ulembe zikuluzikulu, zoti ngakhale azakhali ako aziwerenga opanda magalasi."

Sizinathere pomwepo ayi. Alamu anatupa masiku atatu osamulankhula, ndipo achimwene anadandaula kuti aziweruka msanga kuntchito. Machaputala atatu aja analinso pomwepo, osalembedwa, masabata awiri atapita kale. Koma Lachitatu m'mawa Pulofesa anatseka chitseko cha chipinda chake, ndipo anamva amayi akukoka makina osokera kuchoka pakhonde mpaka kuwaimika pakhomo pakepo.

Sipanapite nthawi, achimwene anatulukira ali wefuwefu, makiyi akulira m'manja.

"Pulofesa ali kuti, amayi? Angondithandiza kakalata kamodzi, mphindi zisanu zokha."

"Kulibe. Ali kuntchito."

"Kuntchito kuti? Si uyo ndikumumva akutsokomola m'chipindamo?"

Amayi sanadzutse n'komwe mutu. Analowetsa ulusi m'singano, n'kuika phazi pa chopalasira.

"Ndati ali kuntchito. Aweruka thwelofu."