Biringanya Lomaliza la Sarifa

Sarifa anafika ku Zóbuè kutada kale. Anali asanafikeko chibadwire.

Kwawo kunali ku Moatize. Ku Moatize kumatentha. Kuli fumbi la malasha. Kuli phokoso la sitima.

Kuno kunalibe sitima. Kunali mapiri. Kunali mphepo yozizira. Kunali mdima bii.

Sarifa ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mkulu wake adye.

Mkulu wakeyo anali Nurbibi. Sarifa ankamuitana kuti Mana. Mana anakwatiwa ku Zóbuè. Tsopano anali ndi khanda.

Koma kunabwera uthenga wosakoma. Mana sakudya. Mkaka wake ukuchepa. Khanda likungolira.

Amayi sakanatha kupita. Mwendo wawo unali wotupa. Choncho m'mawa wa tsikulo anaitana Sarifa.

"Upite ndiwe," anatero Amayi. "Ukamupangire chakudya chija amachikonda."

"Ine? Sindinapangepo ndekha!"

"Unandiona ndikupanga. Maso ako akudziwa. Manja adzatsatira."

Amayi anamupatsa dengu. M'dengumo munali mabiringanya atatu. Munali adyo. Munali ndimu. Munalinso botolo la chambiko, lokulunga m'nsalu yonyowa.

"Tamvera," anatero Amayi. "Boola. Wotcha. Senda. Sinja. Kenaka thira chambiko. Tanena timve."

"Boola. Wotcha. Senda. Sinja," anatero Sarifa.

Bambo ake, a Taibo, ankayendetsa galimoto ya katundu. Tsikulo ankapititsa mchere ku Zóbuè. Sarifa anakhala pambali pawo. Msewu unali wa maenje. Galimoto inkadumpha. Sarifa anakumbatira botolo njira yonse.

Tsopano anafika. Galimoto inaima pa nyumba ya mpanda waminga.

"Odi kuno! Asalamu aleikumu!" anafuula a Taibo.

Chitseko chinatseguka. Panatuluka mayi atanyamula nyali. Anali a Zulmira, apongozi ake a Mana.

"Aleikumu salamu, asewere. Nanga amake Nurbibi ali kuti?"

"Mwendo wawakaniza. Atuma uyu."

A Zulmira anakweza nyali. Anamuyang'ana Sarifa kumutu. Anamuyang'ana kumapazi.

"Kameneka? Dengu ndiye lalikulu kuposa mwini wake!"

Sarifa anangoyang'ana pansi.

M'nyumba munamveka kulira. "Ng'aa! Ng'aa!" Kunali kulira kotopa.

"Mwamva?" anatero a Zulmira. "Phala akukana. Nkhuku akukana. Thobwa akukana. Ine nzeru zandithera."

Mana anali m'chikuta. Mayi ndi khanda satuluka mpaka mchombo utagwa. Amuna salowamo.

A Taibo anagwira phewa la Sarifa.

"Ine sindingalowe. Ndigona m'galimoto. Tinyamuka mbandakucha. Katundu wa eni sadikira."

Sarifa ananyamula dengu. Analowa yekha.

Mana anali atagona pamphasa. Nkhope inali itaonda. Khanda linali pambali pake.

"Mana, ndabwera."

"Amayi ali kuti?"

"Sanathe kubwera."

Mana anatembenukira kukhoma.

"Ng'aa! Ng'aa!" linalira khanda.

Sarifa anathamangira ku kanyumba kophikira. Moto unali utazilala. Makala anali ofiira. Ankafuna kufulumira.

Anatenga biringanya limodzi. Analiika pamakala. Anadikira. Analitembenuza. Anadikiranso.

Biringanya linayamba kutupa. Linatupa. Linatupabe.

PHUU!

Phulusa linauluka. Nkhuku zinatetera.

"Mayo ine! Mfuti!" anakuwa a Zulmira.

"Tayala langa!" anakuwa a Taibo kunja.

Sinali mfuti. Silinali tayala. Biringanya linali litaphulika. Lina linali pakhoma. Lina linali m'phulusa. Lina linali pamphuno pa Sarifa.

A Zulmira anasuzumira pakhomo.

"Iwe mwana! Kwanu ku Moatize mumaphika ndi onga?"

Sarifa anapukuta mphuno.

"Boola," ananong'ona. "Ndinaiwala kuboola."

Anayang'ana m'dengu. Anatsala awiri.

Anapita kumpanda. Anathyola munga wautali. Anatenga biringanya lachiwiri. Anabaya apa. Anabaya apo. Anabaya ponseponse.

Analiika pamakala. Analitembenuza. Khungu linada. Linakwinyika. Biringanya linafewa.

Sarifa anamwetulira. Analiika m'mbale kuti lizizire. Anatenga kamtondo. Anapita kuseri kukakatsuka.

Atabwerera, mbale inali mbee.

Anayang'ana pansi. Panalibe. Anayang'ana m'dengu. Munali limodzi lokha laliwisi.

A Zulmira ankasesa phulusa lija.

"Amayi, biringanya langa lija?"

"Lopserera lija? Ndataya kudzala. Munthu wa m'chikuta sadya makala."

Sarifa anathamangira kudzala. Anapeza mbuzi. Mbuzi inkatafuna. Inamuyang'ana. Inameza.

"Mee," inatero mbuzi.

Sarifa anabwerera pang'onopang'ono. Misozi inali m'maso. Linatsala limodzi. Limodzi lokha. Ndipo moto unkazima.

Ankafuna kukuwa. Koma akulu sakuwidwa.

Anagwada patsogolo pa a Zulmira.

"Amayi, ndifunse nawo. Kuno mabiringanya mumaphika bwanji?"

"Timadula. Timaika mumphika ndi matimati. Monga anthu onse."

"Kwathu timawotcha. Limayenera kuda kunja. Chokoma chili m'kati."

"Chokoma m'kati mwa khala?"

"Eya, amayi. Latsala limodzi. Chonde, khalani nane. Mundikupizire moto."

A Zulmira anagwira m'chiuno. Anayang'ana mwanayo. Anayang'ana dengu.

"Ng'aa," linalira khanda. Mawu ake anali aang'ono kwambiri.

A Zulmira anausa moyo.

"Zanga zonse wakana. Tiyese zakozo."

Anatenga lichero. Anakhala pansi. Anayamba kukupiza.

Makala anafiiranso. Sarifa anatenga munga.

"Boola," anatero. Anabaya apa. Anabaya apo. Anabaya ponseponse.

"Wotcha," anatero. Analiika pamakala.

A Zulmira anasendera kutali.

"Likaphulikanso, ine ndithawira ku Nyasalande!"

Silinaphulike. Linangolira kuti tsiii. Nthunzi inkatuluka m'timabowo.

Khungu linayamba kuda. Utsi unakwera.

"Chotsa! Lapsa!" anatero a Zulmira.

"Pang'ono, amayi."

Sarifa analidina ndi chipande. Linali lolimba. Analitembenuza.

Mphepo inalowa. Nyali inaphethira. Makala anachepa.

"Kupizani, amayi! Kupizani!"

A Zulmira anakupiza. Anakupiza mpaka mkono kuwawa.

"Chotsa tsopano! Lasanduka khala!"

Dzanja lawo linayandikira moto.

"Pang'ono pokha, amayi. Chonde."

Dzanja linaima. Linabwerera.

Sarifa anadinanso. Biringanya linafewa. Linaphwa ngati thumba lopanda kanthu.

"Lapsa!" anatero Sarifa.

Analiika m'mbale. Anavundikira ndi mbale ina. Anakhala pompo. Sanasunthe.

"Ukulondera?" anafunsa a Zulmira.

"Eya. Kuopa mbuzi."

"Mbuzi, kapena ine?"

Sarifa anabisa nkhope. A Zulmira anaseka.

Biringanya linazizira pang'ono.

"Senda," anatero Sarifa.

Anaviika zala m'madzi. Anakoka khungu lakuda. Linachoka mosavuta. M'kati munali moyera. Munali mofewa. Munkanunkhira utsi.

A Zulmira anabweretsa nyali pafupi.

"Haa! Lavula chovala chakuda! Ndiye kuti mbuzi yanga yadya bwino lero."

"Sinja," anatero Sarifa.

Anaika adyo m'kamtondo. Anaika mchere. Anasinja. Anaikamo biringanya. Anasinjanso. Anafinyira ndimu.

Tsopano chinatsala chambiko. Chinayenda ulendo wautali padzuwa. Kodi sichinaonongeke?

Sarifa anamasula nsalu. Anatsegula botolo. Ananunkhiza. Analawa ndi chala.

Chinali chowawasa bwino. Chinali ngati cha dzulo.

Anathira m'mbale. Anasiya pang'ono m'botolo. Anatakasa. Chakudya chinayera. Chinasalala.

A Zulmira anali ndi chapati za masana. Anatenthetsa imodzi pa makala otsala.

"Tiye," anatero. "Nyamula ndiwe. Ine ndinyamula nyali."

Analowa m'chikuta. Mana anali chiyang'anire kukhoma.

"Mana, ndabweretsa chakudya."

"Sindikufuna."

"Mana, tangolawa."

"Ndati sindikufuna. Chotsa."

Sarifa anayang'ana a Zulmira. A Zulmira anayang'ana pansi. Mabiringanya anali atatha. Panalibenso lina.

Sarifa sanachotse mbale. Anaiika pamphasa. Anaisendeza pafupi ndi mutu wa Mana. Anadikira.

Khanda linkasisima.

Fungo la utsi linadzaza m'nyumba. Fungo la adyo. Fungo la ndimu.

Mphuno ya Mana inagwedera. Mutu unatembenuka pang'ono.

"Fungo ili ndi la kwathu," anatero Mana. "Amayi abwera?"

"Sanabwere. Atuma manja anga."

Mana anadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mbale. Ananyema chapati. Anasunsa.

"Bisimila," anatero.

Anaika m'kamwa. Anatafuna. Anameza.

Sarifa anamuyang'anitsitsa. A Zulmira anayandikiza nyali.

Mana anakwinya nkhope.

"Mchere wachepa."

Sarifa anatambasula dzanja kuti achotse mbale.

Mana anaigwira msanga.

"Ukupita nayo kuti? Ndani wati sindidya?"

Anasunsanso. Anasunsanso. Chapati inatha. A Zulmira anathamanga kukatenga ina. Nayonso inatha. Mana anapukuta mbale ndi chala. Ananyambita chalacho.

"Apongozi," anatero Mana, "phala lija lilipo?"

"Alihamudulila!" anatero a Zulmira. "Lilipo, mwana wanga. Lilipo lambiri!"

Sarifa anagona pansi, pafupi ndi Mana. Anali atatopa. Zala zinkanunkha utsi.

Tambala analira. Sarifa anadzidzimuka. Kunja kunkayera. Anatchera khutu.

Kunali zii. Khanda silinkalira.

Mantha anamugwira. Anadzuka msangamsanga.

"Mana! Mwana ali kuti?"

"Shii," anatero Mana. Anatsegula nsalu pang'ono.

Khanda linali pabere. Linkayamwa. Linkameza. Kadzanja kake kanali katafumbata nsalu.

Sarifa anakagwira ndi chala chimodzi. Kadzanjako kanagwira chalacho.

"Awa ndi amayi ako aang'ono," Mana anauza khanda. "Amaphika bwino. Koma amaumira mchere."

Kunja galimoto inalira. Pii! Pii!

"Sarifa! Kwacha! Tiye!" anaitana a Taibo.

Sarifa anakumbatira Mana. Anatenga botolo lija. Analipereka kwa a Zulmira ndi manja awiri.

"Amayi, chatsalachi ndi mbewu. Muthire mumkaka wofunda. Mufunditse ndi nsalu. Mawa mudzapeza chambiko chatsopano."

"Mkaka ndili nawo," anatero a Zulmira. "Mabiringanya ndikawapeza kumadimba. Pita bwino, mwanawe. Ukawapatse moni amako."

Sarifa anakwera galimoto. Dengu linali lopepuka. Mapiri anali ndi nkhungu. Galimoto inayamba kuyenda.

"Imani! Imani, asewere!"

Anali a Zulmira. Ankathamanga. Chitenje chinkauluka. M'dzanja anali ndi munga.

"Iwe mwana! Choyamba chija n'chiyani?"

Sarifa anatulutsa mutu pawindo.

"Boolani, amayi! Boolani ponseponse!"

"Kenaka?"

"Wotchani! Sendani! Sinjani! Ndipo mumange mbuzi!"

A Zulmira anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anakweza munga m'mwamba. Galimoto inakhota.

Msewu unayamba kutsika. Mphepo inayamba kufunda. Moatize inali kutsogolo.

"Ukawauza chiyani amako?" anafunsa a Taibo.

Sarifa anaganiza pang'ono.

"Ndikati Mana wadya. Ndikati mwana wayamwa."

"Basi?"

"Ndikatinso andionetse mchere wake. Ulendo wina usadzachepe."