Zithunzi Makumi Anayi, Chitsulo Chimodzi

Lachiwiri nthawi ya 10 koloko m'mawa, kapitawo wa pamalo osulira zitsulo analowa m'chipinda choyezera n'kutseka chitseko. Woyeza zitsulo, yemwe anali mlongo wake, anali atapita kuchipatala ndi mwamuna wake wodwala. Makiyi anasiyira achimwene akewo.

Panja panali mashafiti makumi anayi, zitsulo zozungulira zimene zimakoka zikepe zokwezera amisiri pa nyumba zosanja. Lamulo linali lakuti shafiti iliyonse iyezedwe kusalala kwake isanatuluke, chifukwa mng'alu umayambira pokhakhala. Makina oyezerawo sakhudza chitsulo. Amangochiwalitsa, ndipo kuwalako kukabwerera, pa kompyuta pamatuluka chithunzi cha timapiri ndi tizigwa tosaoneka ndi maso.

Kapitawo ankadziwa kuti mwala wonolera unali utatha ndipo mashafitiwo anali okhakhala. Lole yodzawatenga inali kubwera masana. Anatenga shafiti ina m'kabati yake, yokulunga m'nsalu yamafuta, imene anaisalaza yekha zaka zambiri zapitazo. Anaiyeza kamakumi anayi, akungosintha nambala. Mapepala onse anawadinda ndi chidindo cha mlongo wake.

Patatha milungu isanu shafiti imodzi inathyoka. Chikepe chinagwa kuchokera pansanjika yachisanu ndi chimodzi. Mmisiri mmodzi anafera pomwepo.

Lachinayi m'mawa kunabwera sajenti wa polisi, munthu wamtali, wachimfine. Anayala mapepala patebulo la woyezayo.

"Chidindo ichi n'chanu, mayi?"

"N'changa. Koma tsiku limenelo ndinali kuchipatala."

"Aliyense amene ndimamufuna amakhala kuti anali kuchipatala. Mwina munadindiratu musanapite. Ambiri amatero." Anamina. "Tengani chikwama, tizipita."

"Ndione kaye zithunzi zake."

Mayiyo anayatsa kompyuta. Anatsegula chithunzi choyamba, chachiwiri, chachitatu. Pofika chachikhumi dzanja lake linaima. Pakona pa chithunzi chilichonse panali kamzere kopindika ngati mbedza, pamalo amodzimodzi.

"Izi sizingatheke," anatero. "Zitsulo ziwiri sizifanana chonchi, ngakhale zitanoledwa pamwala umodzi. Zili ngati zidindo za zala. Apa wina anayeza chitsulo chimodzi kamakumi anayi."

Anayankhula mwachizolowezi cha ntchito, asanaganize. Mawu atatuluka m'pamene anaizindikira mbedzayo. Makinawo atangofika, ankaphunzirira pa shafiti ya achimwene ake.

"Chili kuti chitsulo chimenecho?" anafunsa sajenti.

Mayiyo anaganiza za achimwene ake. Makolo awo atamwalira, achimwenewo ndi amene anamulera, kumuphunzitsa sukulu, kumupezera ntchito. Koma kunyumba kunali mwamuna amene sankatha kutembenuka yekha pabedi.

"Mayi, galimoto ili panja sibwerera yopanda munthu. Ine sindisankha."

Maso a mayiyo anapita pawindo lagalasi, kumene kunali makabati a antchito, n'kubwerera msanga. Sajenti anawatsatira.

Nthawi ya 11 koloko anatsegula kabati ya kapitawo. Shafiti inalimo, yokulunga bwinobwino. Kapitawo anaima pambali, manja kumbuyo, osatsutsa.

"Milungu isanu, bambo," anatero sajenti. "Ng'anjo ili apo, mwala wonolera uli apo. Bwanji osachisungunula chitsulochi?"

"Ndinachitenga kawiri konse. Ndinalephera." Kapitawo anayang'ana pansi. "Chitsulo chotere munthu amasalaza kamodzi pa moyo wake."

"Ndiye mukakauze oweruza zimenezo. Mayi, chiyezeni."

"Aitaneni ena adzayeze, chonde."

"Ena ake ati? Ndafunsa kale. Wodziwa makinawa ndinu nokha, ndi awa."

Kapitawo ananyamula shafitiyo yekha n'kuigoneka pansi pa diso la makina, pang'onopang'ono ngati khanda.

"Pukuta kaye, chemwali. Fumbi limanamiza."

Mayiyo anapukuta. Anadina batani. Kachingwe ka kuwala kanayamba kuyenda pachitsulopo. Chithunzi chinatuluka mzere ndi mzere, kuchokera pamwamba. Panalibe choti n'kugwira, choti n'kusuntha. Patatha mphindi ziwiri mbedza inaonekera pakona.

"Mwina makina alakwitsa," anatero mayiyo. "Nthawi zina lole ikadutsa pamsewu, tebulo limagwedezeka."

"Usanamizire makina, chemwali. Palibe lole yadutsa."

"Achimwene, bwanji simunandidikire? Tsiku limodzi lokha."

"Ukanawakana mashafiti onse aja."

"Ndikanawakana, inde."

"Ndiye n'chifukwa chake."

Sajenti anatulutsa unyolo. Kapitawo anapereka manja osauzidwa. Antchito anazimitsa makina awo mmodzimmodzi, mpaka mnyumbamo munangoti zii. Sajenti anamudutsitsa kapitawoyo pakati pawo, ndipo palibe anakweza mutu.

Jekete la kapitawo linatsala pampando. M'thumba mwake foni inayamba kulira. Mayiyo anaitulutsa n'kuona kuti ndi mlamu wake, mkazi wa achimwene. Anathamangira pakhomo ataikweza m'mwamba, koma galimoto inali ikutuluka kale pageti.

Foniyo inasiya, kenako inayambanso. Anaiyankha.

"Abambo, mubwera kudzadya masana ano kapena ndikusungireni?"

"Mlamu, ndine," anatero. "Muli ndi ndani kunyumbako? Khalani kaye pansi."