Thandala Lotsiriza

Telala wina wamkazi ananyamuka mochedwa ku munda wa khofi wakumtunda. Bambo woperekeza alendo, pomusiya pachipata masana, anali atamuuza kuti dzuwa likangokhudza phiri ayambepo kutsika, chifukwa nkhungu ya kumeneko sichenjeza. Iye anavomera. Koma dzuwa linakhudza phiri, linalowa, iye adakali pakati pa mizere ya khofi, akufunafuna nthambi imodzi yokha yoti ikafike kunyumba yogona alendo maluwa ali pomwepo.

Sanabwere kudera limeneli kudzasangalala. Anabwera ndi achemwali ake, namwino wopuma ntchito, amene madokotala anali atawauza mwaulemu kuti akapumulire kunyumba. Achemwaliwo anamvetsa, poti mawu omwewo anali atawanenapo kwa anthu ambiri. Anapempha chinthu chimodzi. Ali mtsikana anadutsapo kudera la khofi pa lole, napeza mapiri onse akununkhira maluwa, ndipo fungo limenelo sanakumane nalonso. Ankafuna kulimva kachiwiri.

Ulendo unawafoola, moti atafika sanathenso kudzuka pabedi. Pakhoma la chipinda chawo panali pepala la zinthu zoti alendo aone: nazale, makina osendera khofi, mathithi, chipinda cholawira khofi. Achemwali analiwerenga lonse, kenako anati, “Iwe Kasingano, maso akowo ndawabwereka. Uzipita, uzidzandiuza.”

Tsiku lililonse telala ankabwerera ndi nkhani. Anawasimbira za mbande za mu nazale, zondandalika m'timachubu takuda ngati ana a sukulu pamzere. Anawasimbira za bambo wolawa khofi, amene amakoka khofi pa sipuni ndi phokoso loti mayi awo akanamuthamangitsa patebulo, kenako nkulavula. Achemwali anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, nati munthu wolembedwa ntchito yolavula ndiye amene Mulungu wamukonda. Anawauzanso dandaulo la woperekeza alendo, loti anabwera nthawi yolakwika: kukolola ndi kuyanika zinatha kalekale, mathandala oyanikirapo khofi onse anali opanda kanthu.

Chinatsala ndi maluwa. Maluwa a khofi amamasula mvula yoyamba ikagwa, ndipo amakhala masiku awiri kapena atatu basi. A m'minda yapafupi anali atayoyoka iwo asanafike. Otsala anali a kumtunda, kozizira, komwe zonse zimachedwa.

M'mawa wa tsiku limenelo achemwali anakana chakudya, nangomwa masipuni awiri a madzi. Mayi wophika wa panyumba ya alendopo, amene ankawatenthetsera madzi madzulo aliwonse popanda womutuma, anakokera telala pambali. Anamuuza motsitsa mawu kuti ngati pali choti achite, achite lero, wodwalayo akhala naye ndi iye.

Kumundako telala anathyola nthambi zitatu. Iliyonse inali yoyera mbee, koma akangoyenda pang'ono maluwa ankayoyokera pansi. Yachinayi anaikulunga mu mpango wake, naipakata ngati khanda, nayamba kutsika.

Njira inali imodzi. Imadutsa pa malo akale oyanikira khofi, nkufika pa mlatho wamatabwa, kenako nyumba ya alendo. Pokwera masana anali atawaona malo akalewo: udzu wofika m'chiuno, mathandala owola atagwera pansi, nyumba yosungira khofi yopanda chitseko, ndi mtengo wopachikapo belu, belulo palibe.

Nkhungu inamupeza asanayende patali. Anayatsa nyali ya foni, koma kuwala kwake kunangothera pamapazi. Kutali mabingu ankagunda. Anayamba kupemphera chamumtima, osapempha zambiri: kuti asaphonye njira, ndi kuti achemwali amudikire.

Kenako anamva belu.

Linalira katatu, pafupi, mwa changu. Linaleka. M'malo mwake kunamveka phokoso lina, lobwerezabwereza, ngati munthu akupalasa timiyala touma. Khwaa... khwaa... khwaa...

Anaima. Anadziuza kuti mwina wasochera, wafika pa famu ina. Kutsogolo kwake nkhungu inapepuka pang'ono, ndipo anaona mathandala ataliatali, oimika bwino, odzaza khofi. Pa limodzi panali bambo wachikulire, wovala ovolosi yothimbirira, akusonkhanitsa khofi pakati ndi chopalasira chamtengo.

Telala anapereka moni, nafunsa ngati njira ya ku mlatho inali yomweyi. Bamboyo sanatembenuke.

“Belu ndaimba,” anatero. “Sanabwere. Gwirani uko, mayi.”

Anali kuloza nsonga ya lona wovundikirira khofi, wopinda kumapeto kwa thandala. Mphepo inali itayamba kununkha mvula. Telala ankadziwa, chifukwa woperekeza alendo anali atafotokoza, kuti khofi wouma akanyowa amachita nguwi, ntchito ya chaka chonse nkuwonongeka. Koma achemwali... Anatsegula pakamwa kuti apepese, anene kuti ali ndi wodwala. Pomwepo anaona manja a bamboyo akulimbana okha ndi lona amene mphepo inkamulanda. Anakumbuka mayi wophika, amene nthawi yomweyo anali atakhala pambali pa bedi la munthu wosamudziwa.

Anaika mpango wake pa mwala, nagwira nsonga ija.

Anavundikira thandala loyamba. Lachiwiri. Bamboyo ankayenda mbali ina, iye mbali ina, lona ali pakati. Pa lachinayi dzanja lake linakhudza khofi. Anali wozizira ngati miyala ya mumtsinje, ndipo sankanunkha chilichonse.

Apa m'pamene mawu a woperekeza alendo anamubwerera: kuyanika kunatha kalekale.

Anakweza maso. Chapatali pang'ono panali nyumba ija yopanda chitseko. Pambali pake, mtengo uja. Belu linali lende pamenepo, chingwe chake chikugwedezekabe.

Anayang'ana bamboyo. Mvula inali isanayambe, koma ovolosi yake inali yonyowa, madzi akudontha m'zigongono. Pansi panali matope. Mapazi a telala ankamira, nkuzuka ndi phokoso. A bamboyo... ayi. Sankasiya ngakhale chidindo.

Ambuye!

Anafuna kuthawa. Koma lona anali m'manja mwake, ndipo akanamusiya mphepo ikanamutenga. Iye anali munthu amene sanasiyepo msoko pakati. Anagwiritsa, natseka maso pang'ono, nayamba Pemphero la Ambuye. Atafika pa chakudya chalero anasokoneza mawu, nayambanso.

Lachisanu ndi chiwiri. Lachisanu ndi chitatu.

Madontho oyamba anagwa. Mphezi inang'anima, ndipo m'kuwalako anaona nkhope ya bamboyo. Sinali yoopsa. Inali ya munthu wotopa kwambiri.

Linatsala limodzi, lakumapeto, pafupi ndi mtengo wa belu. Apa bamboyo anazengereza. Anayang'ana kumwamba, nabwerera m'mbuyo phazi limodzi, ngati mwana woopa galu. Telala anazindikira kuti amene anali ndi mantha kwambiri pamalopo sanali iye.

“Tiyeni, bambo,” anatero telala. “Ndagwira.”

Anakoka limodzi. Lona anafika kumapeto. Bamboyo anamanga chingwe pa mwendo wa thandala, nachikoka kawiri kuti aone ngati chalimba, kenako anasanjika manja onse awiri pamwamba pa lona.

“Limatsala ndi ili,” anatero. “Nthawi zonse limatsala ndi ili.”

Telala anapita pa mwala uja, natola mpango wake. Ataumasula anapeza nthambi ili yokhayokha, maluwa onse atathothokera mu nsalu, atayamba kale kufiirira. Sanalire mokweza. Anangoima, mvula ikumugwera.

Bamboyo anali pambali pake. Sanamumve akubwera.

“Mwathyola zomasula kale,” anatero. “Zimenezo siziyenda ulendo.”

Anali atanyamula kanthambi kena, kosaoneka bwino, kokhala ndi timaluwa tosamasula, totsekeka ngati njere za mpunga. Anamuuza kuti akakaike m'madzi ofunda, pafupi ndi pilo, kadzamasula kukamacha. Anakaika pa mpango, osakhudza dzanja la telala. Komabe kuzizira kunamufika mpaka m'phewa.

“Pitani. Akudikirani. Akufunsa ngati Kasingano wafika.”

Dzina limenelo telala anali asanauze munthu aliyense kudera limeneli.

Anathamanga. Anaterereka, anadzuka. Foni inazima. Kumbuyo kwake kunalibe mapazi, koma paliponse pamene njira inkakhota, chopalasira chinkagogoda pa mwala, mbali yoyenera kupita. Go... go... Anatsata. Atamva matabwa a mlatho pansi pa mapazi ake, kugogodako kunaleka. Anacheuka kamodzi kokha. Mphezi inawalitsa phiri lonse: udzu wofika m'chiuno, mathandala ogwa, mtengo wopanda belu.

Mayi wophika anamutsegulira chitseko atanyamula nyali ndi thaulo. Asanafunsidwe ananena kuti wodwala akupumabe, ndipo wakhala akufunsa. Telala anapempha madzi ofunda m'kapu, naimikamo kanthambi kaja, nakaika pafupi ndi pilo. Achemwali anatsegula diso limodzi, nayang'ana kanthambiko.

“Tsiku lonse, nkubwera ndi kamtengo kotsukira mano,” anatero, nagonanso, atagwira chala cha mng'ono wawo.

Atasintha zovala, telala anakhala kukhitchini, mayi wophika namupatsa madzi otentha akumwa. Anafotokoza zonse, mosakometsera. Atatchula ovolosi ndi chopalasira, mayiyo anasiya kupukuta mbale. Anakhala pa mpando, nafunsa mathandala anali angati. Telala anati khumi ndi awiri.

Mayiyo anafotokoza akuyang'ana pansi. Anati bamboyo anali woyang'anira mathandala, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Lamulo la pantchito linali loti belu likalira, aliyense asiye chimene wagwira, athamangire kukavundikira khofi. Chaka china mvula inabwera mosayembekezeka, madzulo, antchito ataweruka kale. Bamboyo anaimba belu. Palibe anabwera. Anavundikira yekha khumi ndi limodzi, ndipo pa lotsiriza mphezi inamugwera. Anamupeza m'mawa, nsonga ya lona ili m'manja. Chaka chotsatira eni famu anasamutsira mathandala kumunsi.

Telala anafunsa ngati antchitowo sanalimve belulo.

“Tinalimva,” anatero mayiyo. “Ndinali pa mlatho pomwepo, mwana kumsana. Ndinaima. Ndinati ena apita.” Anapinda thaulo, nalitambasulanso. “Chiyambire, mvula yamabingu ikamagwa limalira usiku wonse. Ine sindigona. Lero linalira katatu, ndinalimva muli kunja.”

Onse awiri anatchera khutu. Mvula inkagwa mwamphamvu pa malata. Anadikira nthawi yaitali. Belu silinalirenso.

Mayiyo anafunsa ngati anavundikiradi onse, ndi lakumapeto lomwe. Telala anati onse, ndipo chingwe anamanga ndi bamboyo mwini wake. Mayi wophika anaphimba nkhope ndi thaulo lija, ndipo telala anamusiya alire, dzanja lake lili paphewa pa mayiyo.

Kukucha telala anadzidzimuka pa mpando wa pambali pa bedi. Chimene chinamudzutsa ndi fungo. Linali litadzaza chipinda chonse, lokoma, lolemera, lolowa mpaka m'zovala. Kanthambi kaja kanali koyera kuyambira kutsinde mpaka kunsonga.

Achemwali anali maso. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, mmene chifuwa chinawalolera, nakokanso.

“Ndi lomweli,” anatero. “Kasingano, ndi lomweli. Wakupatsa ndani?”

Telala anati bambo wina wachikulire, wa kumathandala, amene iye anamuthandiza kantchito pang'ono.

“Ndikakumana naye ndimuthokoza,” anatero achemwali.

Telala anafuna kuwauza kuti bamboyo anamwalira kalekale. Atayang'ana nkhope yawo anaona kuti sikofunika. Anangosendeza kapu ija pafupi, nawakonzera bulangete kumapazi.