Mphindi Ziwiri za Chete

Anakumana pakhomo la ofesi ya aphunzitsi a mbiri yakale, tsiku lomwe kampani ina ya makompyuta inabweretsa makina ojambulira mawu. Yunivesite inali itagwirizana ndi kampaniyo kuti ophunzira azipita kwa amisiri okalamba kukajambula nyimbo ndi nkhani zawo, zisungidwe eni ake asanatsikire kulichete.

Mtsikanayo, mmodzi wa ophunzirawo, anzake ankamutcha Kamakutu, chifukwa mahedifoni sankachoka pamutu pake. Mnyamata wa kampaniyo, yemwe ntchito yake inali yosainitsa mapepala a chilolezo, atamva dzinalo anaseka.

"Ndiye makutu amenewa amamvanso za mumtima?"

"Amamva zoona zokhazokha, achimwene," anayankha Kamakutu akuyang'ana kumbali.

Koma mtima unali utagunda kale. Nanga mtima ungaumange ndi chingwe?

Awiriwo anatumizidwa kwa mkulu wina wopanga magitala a zitini, yemwe anali atathamangitsa kale anthu atatu a kampaniyo. "Nyimbo zanga si tomato wa pamsika!" ankatero mkuluyo. Kamakutu sanafulumire. Milungu itatu yathunthu ankangosesa m'shedi ndi kugwira waya mkuluyo akamakunga gitala, makina ali m'chikwama. Mapeto ake mkuluyo anayamba kumutcha mdzukulu.

Pafoni napo, pakati pa Kamakutu ndi mnyamata uja, panali potentha.

"Makutu anga, wadya? Ine chakudya chikukana, ndikungoona nkhope yako m'mbale."

"Bodza iwe!"

"Ndalumbira. Ntchitoyi ikangotha ndikukaonekera kwa makolo ako. Iwe ndiwe nyimbo yanga yomaliza."

Kamakutu ankawerenga uthenga umenewu mpaka batire kutha. Chikondi chikagwira munthu, ngakhale wa yunivesite amaiwala sukulu yonse.

Tsiku lina mkuluyo anamufunsa, maso ali pa mnyamatayo amene ankapukuta nsapato panja. "Mdzukulu, munthu uyu ukumukhulupirira?"

"Ndi mtima wonse, agogo."

"Basi, bweretsani pepala lanulo mawa. Koma udziwe kuti ndikusainira iweyo."

Kutacha anajambula. Mkuluyo anaimba nyimbo zisanu ndi imodzi, yomaliza inali yomwe ankaimbira malemu akazi ake. Aphunzitsi anali ndi lamulo lakuti wojambula akamaliza azisiya makina akuyenda kwa mphindi ziwiri popanda woyankhula, kuti agwire phokoso la chipindacho lothandiza poyeretsa mawu. Kamakutu anasiya makinawo pabenchi, kagetsi kofiira kakuyaka, n'kutuluka ndi mkuluyo yemwe chifuwa chinali chitamugwira. Mnyamatayo, amene anali kugalimoto, analowa m'shedimo kukatenga pepala lija.

Lolemba m'mawa Kamakutu anakhala m'chipinda cha makompyuta, kumvetsera ndi kulemba mawu a nyimbozo. Itatha yomaliza anamva malata akuthetheka ndi dzuwa, nkhuku ikulira patali. Kenako chitseko, nsapato, foni kuitana.

"Halo, mayi a mwana... Eya, wasaina! Loweruka ndili konko, umuuze mwana ndamugulira njinga... Kamtsikana kaja? Aaa, usadandaule iwe, n'ka ntchito basi. Popanda kukanyengerera, nkhalamba ija ikanasaina?"

Anabwezera m'mbuyo. Anamvetseranso. Kachitatu sanathe, misozi inali itagwera pa kiyibodi. Mawu omwewo amene ankamutcha Makutu anga! Chomwe chinamupweteka koposa sichinali mkaziyo ayi. Chinali kuseka kwake potchula nkhalamba, munthu amene anamupatsa mpando wake wokhawo.

Masana mnyamatayo anabwera atanyamula chokoleti. "Wokondedwa, maso afiira bwanji?"

Kamakutu anavula mahedifoni n'kumuveka. "Khalani pansi, bambo a mwana. Mumve chete wa m'shedi muja."

Nkhope ya mnyamatayo inagwa pang'onopang'ono. "Ndikufotokozere, Makutu anga..."

"Mwafotokoza kale, ndipo mawu anamveka bwino."

"Chabwino, kadule kachigawo kameneko. Mabwana anga adzamvetsera zimenezi!"

"Chojambulidwa choyamba sichidulidwa. Lili papepala lanu lomwe lamulo limenelo, si inu munandiwerengera?"

Kamakutu anachoka osatenga chokoleticho. Ulendo wonse wa pa basi ankaganiza za mkulu uja. Amuuze bwanji kuti munthu amene anamuikira kumbuyo anali wabodza? Ndipo nyimbo ya malemu ija, yotuluka ndi misozi, inatengedwa ndi chinyengo chodzera mwa iye?

Anamupeza akudula chitini cha mafuta. Kamakutu anagwada n'kuulula zonse, osabisa ngakhale liwu loti nkhalamba.

"Agogo, pepala lija limalola kubweza chilolezo. Mukanena, nyimbo zanu zichotsedwa lero lomwe. Ndinakusocheretsani ndine."

Mkuluyo anapukuta dzimbiri pachala.

"Nkhalamba ndine, pamenepo sananame," anatero. "Nsapato zopukuta kawiri pa ola ndinaziona, mdzukulu. Kodi poimba paja ndinkayang'ana iyeyo?"

"Ayi, agogo."

"Ndiye nyimbozo zisiye. Adzazimva ana ako, amene udzabereke ndi munthu weniweni."

Anatola waya n'kumupatsa nsonga imodzi. "Gwira apa, ukoke kwambiri."

Kamakutu anagwira. Analira mpaka mapewa kugwedezeka, koma wayayo sanamutaye.