Waya wa Mabuleki a Thilela

Pakhomo pa bambo Maliro ku Biriwiri sankadya asanapemphere. Bambowo anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo pobwerera anabwera ndi pikapu komanso thilela ya mabuleki amagetsi, yonyamulira kachewere. Mwana wawo Fanizo anamuphunzitsa kugwira sipanala akadali wamng'ono. Koma atangomera ndevu, Fanizo anayamba kununkha kachasu m'mawa, fungo loti ngakhale galu ankamuthawa.

Tsiku lina bambo Maliro anabwera kuchokera kumsika nkhope ili ndwii.

"Fanizo, thilela ija ikundikankha pamtsetse. Ndikaponda buleki ikugwira mwaulesi. Maso angawa saonanso zing'onozing'ono. Yamba ndi pulagi, mwina yachita dzimbiri. Kenako uone mawaya ndi maginito a m'mateyala."

Fanizo analowa pansi pa thilela monyinyirika. Pulagi inali bwino, maginitonso anali bwino. Koma waya wopititsa moto kumabuleki anali atadyeka, wangotsala pang'ono kuduka. Bambo ake anamugulira watsopano, wokhuthala.

"Usaikepo woonda, mwananga, moto umafika wochepa. Ukamaliza ukweze teyala pa jeke, ulizungulitse, wina aponde buleki, uone ngati liima."

Anatero n'kupita kumsonkhano wa akulu a mpingo. Posakhalitsa kunatulukira Cedric, wogulitsa kachasu kuseri kwa msika. Maso ake anagwera pa waya uja.

"Aise, ameneyu ndiye woyenera sipika yanga! Ndipatse, uzimwa ulele mpaka utatopa."

"Nanga madala?"

"Madalawo aona chiyani pansi pa thilela? Ika kawaya ka wailesi aka. Moto ndi moto basi."

Fanizo anameza malovu. Analumikiza kawaya koonda ngati ulusi, n'kukakulunga ndi jumbo. Jeke sanaikhudze n'komwe. Zonyansa zedi, mwana woleredwa bwino kusinthanitsa mabuleki a bambo ake ndi madzi onunkha a m'botolo!

Madzulo mayi ake, a Nangozo, anamuitana.

"Mawa ndikhala pamwamba pa matumba m'thilelamo. Kutsogolo ndawasiyira azakhali ako, akupita kuchipatala. Wakonza? Wayesa?"

"Ndayesa, amayi. Ikugwira ngati yatsopano."

Ananama maso ali gwa, akutafuna chingamu kuti abise fungo.

M'mawa mwake bambo Maliro anadzaza thilela ndi matumba a kachewere n'kunyamuka. Fanizo anati mutu ukumupweteka, koma galimoto itangokhota anazembera kwa Cedric. Sipika inkalira mogonthetsa m'khutu, iye akuvina botolo lili m'manja, dovu lili kukamwa. Kenako mlongo wake Jessie analowa akuthamanga, kumutu kulibe mpango.

"Achimwene! Thilela yagubuduka pamtsetse wa kumlatho! Ababa aponda buleki, iyo osagwira, yangokankha galimoto n'kupindika. Amayi apsinjidwa ndi matumba!"

Botolo linagwa. Cedric anazimitsa sipika n'kulowa m'nyumba, chitseko kho.

Bambo Maliro ndi azakhali anangonyuka pang'ono. A Nangozo madokotala anawadula mwendo pabondo. Fanizo atafika kuchipatala anapeza bambo ake pakhonde, malaya ali magazi okhaokha.

"Ndasuzumira pansi paja, ndaona chimene unaikapo. Usandiyandikire, ukununkha. Lowa ukawauze wekha amayi ako."

Analowa n'kugwada pambali pa bedi, n'kuulula zonse. Mayi ake anamuyang'ana nati:

"Ndinakufunsatu, Fanizo. Ukanangoti sunayese, ndikanakhala kunyumba."

Kenako anatembenukira kukhoma.

Fanizo mowa anausiya, inde, ndipo kutchalitchi sajomba. Koma mwendo sumera. Mayi amene ankalima dimba lonse yekha lero amakwawa kuti akafike kubafa, mwana wake akuona.

Achinyamata inu, mowa umayamba ndi kukubetsani kanthu kakang'ono, kenako umakunamitsani pamaso pa okubalani. Mukatumidwa ntchito yokhudza moyo wa anthu, igwireni yonse. Mukalephera nenani zoona, chifukwa wovulala ndi bodza lanu adzakhala amene anakukhulupirirani.